Landirova ya Nyaluhanga ndi Ngolo ya Chigayo

Ku Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu, mukafunsa za Mabel Zgambo, akuluakulu amayamba ayang'anana kaye. Koma mungoti Nyaluhanga wa chigayo, aliyense ali ndi nkhani yake. Wina anamuona atagona chagada pansi pa galimoto, chitenje atachimanga m'maondo ndi chingwe cha khonje. Wina anamumva akuyankha wapolisi mwaulemu wolasa kuposa chipongwe. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, woyenda mofulumira ngati wasiya kanthu pamoto.

Anabadwira ku Rumphi, mwana wachitatu wa a Luhanga, mphunzitsi wa pamishoni, ndipo dzina loti Nyaluhanga linachokera pamenepo. Sukulu anaisiyira Sitandade 6 bambo ake atamwalira, koma Chingerezi chowerenga ndi masamu anatuluka nazo. Mu 1963 anakwatiwa ndi Yona Zgambo wa ku Euthini, makaniki amene anaphunzira ntchito akukonza mathirakitala pa esiteti ina. Anamanga nyumba ya zidina ku Zolozolo pamene kunali nyumba zowerengeka ndi minda ya chinangwa, ndipo anabereka ana atatu. Woyamba anali Catherine.

Yona anali munthu wosakhazikika manja. Anapeza injini yakale ya dizilo yopopera madzi, anapezanso kachigayo kakang'ono kamene wina anakataya, n'kuzimanga pamodzi pa ngolo ya matayala awiri imene anawotcherera yekha. Ngoloyo ankaikoka ndi kapikapu kofiira ka Datsun. Lachiwiri ankapita ku Lusangazi, Lachinayi ku Choma, Loweruka njira ya ku Chikwina. Amayi amene kale ankayenda tsiku lonse ndi dengu pamutu anayamba kungodikira pansi pa mtengo kuti chigayo chiwapeze. Ngolo inali yolemera moti kagalimoto kankayenda mphuno ili m'mwamba, ndipo apolisi apamsewu ankangoseka.

"A Zgambo, ndege yanuyi inyamuka liti?" ankatero, n'kumukweza dzanja kuti adutse.

Mu February 1975, Lachitatu masana, kunabwera amuna atatu pa galimoto yopanda zolemba. Anati akufuna kucheza ndi a Zgambo pang'ono. Yona anapempha kuti asambe m'manja, iwo anati sachedwa. Anakwera ali ndi girisi mpaka m'zigongono. Chifukwa chimene anamutengera palibe amene anamuuza Nyaluhanga. Ena ankanong'ona za kalata imene inachokera kwa msuweni wa Yona wa kunja kwa dziko, ena ankati alipo amene ankasirira chigayo. Chimene Nyaluhanga anaona ndi maso ake n'chakuti anthu anasiya kudutsa pakhomo pake. Kutchalitchi benchi imene ankakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri.

Mlamu wake Timothy, mng'ono wa Yona, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni, anabwera patatha masabata awiri. Anakhala pampando chipewa chili pabondo.

"Alamu, gulitsani zitsulozi mupite ku Euthini ndi ana. Kuno mukuonekera kwambiri."

"Ndikuonekera chifukwa ndilipo, alamu. Achimwene anu akabwera apeze ndani pano?"

"Mukudziwa kuti otengedwa motere ena sabwera."

"Ndikudziwa. Inu mumatha kuyendetsa galimoto. Loweruka mundiperekeze, ana adye."

Timothy anakana, anakananso, kenako anavomera ulendo umodzi wokha. Sanafike patali. Atangotuluka m'tauni anapeza migolo iwiri ya apolisi yotsekera msewu ndi sajeni wamtali amene kale ankaseka ndi Yona. Tsiku limenelo sanaseke. Anazungulira ngolo kawiri, manja ali kumbuyo.

"Ngolo iyi ndi ya yani?"

"Ya a Zgambo, bwana," anayankha Nyaluhanga. "Mwakhala mukuikweza dzanja zaka zinayi."

"Sindikuidziwa. Nambala ilibe. Zonyezimira kumbuyo ilibe. Mabuleki ilibe. Tcheni chachiwiri, choti igwire chokolera chikaduka, palibe. Ndipo ikulemera kuposa galimoto imene ikuikoka. Potsika phiri ngolo ndiyo idzayendetse galimoto. Masulani."

Timothy anali atayamba kale kupepesa. Nyaluhanga anangoima. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu, koma chinamuwawa kwambiri n'chakuti mawu omalizawo anali oona. Yona mwini wake anamuuzapo kuti tsiku lina pa chitsikitsiki cha ku Chikwina ngolo inawakankha mpaka kagalimoto kanapingasa msewu. Anazindikiranso pomwepo kuti malamulo amene ankagona mwamuna wake ali pakhomo tsopano adzuka onse, ndipo adzukira iye. Anapisa dzanja m'chikwama, natulutsa pensulo ndi kope lakale la Catherine.

"Bwana, tandilemberani zonsezo apa."

"Ine si mlembi wanu, mayi."

"Ndiye nenani pang'onopang'ono, ndilemba ndekha."

Sajeni anamuyang'ana ngati sanamve bwino. Koma panali anthu oima m'mbali mwa msewu akumvetsera, choncho anabwereza, ndipo Nyaluhanga analemba chimodzichimodzi.

"Nanga ndikakonza zonsezi?"

"Mukakonza, lamulo likhala chete."

"Yewo chomene, bwana," anathokoza m'Chitumbuka.

Timothy anabweza Datsun kunyumba, nasiya makiyi patebulo, nati asadzamupemphenso. Ngolo inatsala m'mbali mwa msewu. Nyaluhanga anaikankha ndi ana ake ndi amayi awiri ogulitsa nthochi amene sankamudziwa, ndipo anafika nayo ku Zolozolo dzuwa litapendeka, m'manja muli matuza. Pansi pa mndandanda uja anawonjezera mzere wake: laisensi yanga.

Nkhani yaikulu inali galimoto. Anapita kwa anthu awiri ogulitsa magalimoto akale m'tauni, amene onse anadyapo pakhomo pake. Woyamba anatuma wantchito kuti anene kuti wachokapo, chonsecho nsapato zake zikuoneka pansi pa chitseko. Wachiwiri anamulankhula ali chiimire, maso ali kumsewu. Wachitatu anali Che Isaka Bwanali, Msilamu wa ku Mangochi, amene ankagulitsa zitsulo za magalimoto kuseri kwa nyumba yake ku Katawa. Iye anamupatsa mpando.

"Che Isaka, mukudziwa kuti ndine mkazi wa ndani?"

"Ndikudziwa, amayi. Ine ndimagulitsa zitsulo. Zitsulo sizifunsa kuti bambo ali kuti."

Anali ndi magalimoto atatu. Panali pikapu yoyera ya Pijo, yosalala, mipando yake yosang'ambika. Panali lole ya Bedford. Ndipo kumapeto, pansi pa mtengo wa mapeyala, panali Landirova yaitali yotuwa, chitseko chimodzi chomangidwa ndi waya, nkhuku itaikira mazira pampando.

Mtima wa Nyaluhanga unapita pa Pijo. Anakhalamo, nagwira chiwongolero, nadziona akudutsa pa tchalitchi Lamulungu anthu onse aja akutembenuka. Che Isaka anaona nkhope yake.

"Imeneyo ndiyo ya munthu wamayi. Yofewa, giya yake ngati batala."

"Imalemera bwanji?"

"Amayi?"

"Kulemera kwake. Amalemba pati?"

Che Isaka anakanda m'mutu, natsegula boneti, namusonyeza kachitsulo kokhomedwa pamene panali manambala, kenako anatulutsa mabuku a magalimoto onse atatu. Nyaluhanga anakopera manambala m'kope. Koma kulemera kwa ngolo sankakudziwa, ndipo Yona sanaiyezepo. Mawa lake Che Isaka anaikoka ndi lole mpaka pa sikelo yaikulu ya pa depoti ina yogulira mbewu. Nyaluhanga anaumirira kuti akweze chilichonse chimene amayenda nacho: mgolo wa dizilo wodzaza, bokosi la masipanala, masefa, lamba wapadera, ngakhale chidebe cha madzi oziziritsira injini. Woyeza anamupatsa kapepala, iye anakapinda kanayi n'kukasunga pachifuwa.

Kuchoka apo anapita ku ofesi yoyeza magalimoto, nakhala pabenchi mpaka kalaliki anatopa naye n'kumuwerengetsa tsamba limene linkanena za ngolo. Anawerenga katatu, chala chikutsata mzere. Atabwerera ku Katawa anayala kope pa boneti ya Pijo.

"Iyi ikhoza, ngolo ikakhala ndi mabuleki," anatero Che Isaka. "Taonani, zikukwanira."

"Zikukwanira ndendende. Ndikawonjezera thumba limodzi la chimanga ndalakwa."

"Ndani adzayeze thumba limodzi, amayi?"

"Ine adzandiyeza. Ena amawayeza ndi maso, ine adzandiyeza ndi sikelo. M'malire sindikufunamo."

"Ndiye tengani lole. Imeneyo ikoka ngolo zitatu."

"Lole ifuna laisensi ya madalaivala akuluakulu, adzandizunguza nayo zaka. Ndipo timilatho ta matabwa ta ku Choma sitingainyamule."

Anatembenukira pansi pa mtengo wa mapeyala. Landirova inali yolemera mokwanira, malo n'kutsala. Chokolera ngolo chinali chobwera nacho, chomangidwa pa chitsulo chenicheni cha pansi, osati chowotcherera pa bampala ngati cha Yona. Ndipo inkakoka ndi matayala onse anayi, chinthu chimene matope ofiira a m'dzinja ankafuna.

"Imalira?"

"Inkalira," anatero Che Isaka mosamala.

Anasinthana: Datsun yamoyo kupita kwa Che Isaka, Landirova yakufa kubwera kwa Nyaluhanga, ndi lonjezo lakuti aidzutsa limodzi ndi kuika mabuleki pa ngolo. Zolozolo yonse inaseka. Ngakhale amene ankaopa kumupatsa moni anapeza mphamvu zonena kuti mavuto amusokoneza mutu, wapereka ng'ombe n'kulandira chikopa. Timothy anabwera kudzanena kuti wataya chuma cha mkulu wake popanda kufunsa abale.

"Ndinakufunsani kuti muyendetse, munasiya makiyi patebulo," anamuyankha. "Tebulo ndiye ndinalifunsa."

Miyezi itatu yotsatira anaithera ku Katawa. Ankafika m'mawa ana atapita kusukulu, nkhungu isanachoke m'dambo. Che Isaka ankamasula, iye ankatsuka zitsulo m'palafini ndi kufunsa dzina la chilichonse. Masiku amenewo mayi sankavala buluku, choncho anaphunzira kumanga chitenje m'maondo kuti alowe pansi pa galimoto popanda wonena kanthu. Ngolo anaichotsa ekiselo ya Yona n'kuika ina ya galimoto yophwasuka yokhala ndi mabuleki, ndi chokolera chimene chimakankha mabulekiwo chokha galimoto ikachepetsa liwiro. Anaika matcheni awiri, nyali ndi zonyezimira. Tsiku limene Landirova inatsokomola n'kulira, utsi wakuda unadzaza bwalo, ndipo Nyaluhanga anaseka koyamba chichokereni Yona.

Kuyendetsa anamuphunzitsa Che Isaka yemweyo, pa bwalo la mpira la m'mbali mwa dambo. Mkazi wake, Amida, ankakhala kumbuyo ndi zoluka zake ulendo uliwonse.

"Pakamwa pa anthu m'posatseka," anatero Amida tsiku loyamba. "Akafuna kunena, anene kuti tinali atatu."

Kupita kutsogolo sikunavute. Chovuta chinali kubwerera m'mbuyo ndi ngolo. Ukafuna ipite kumanja, chiwongolero umayamba wachipotokolera kumanzere, ndipo mutu wa Nyaluhanga unkakana zimenezo. Ngolo inkapindika ngati bondo. Anagwetsa migolo yophunzirira kosawerengeka, ndipo tsiku lina anagwetsa mpanda wa bafa la Che Isaka muli mlendo akusamba. Amida anaseka mpaka zoluka zinagwera pansi. Nyaluhanga anamanganso mpandawo yekha, n'kubwerera pa chiwongolero masana omwewo.

Woyeza magalimoto anali bambo wina wa ku Dowa, a Winston, wovala taye ngakhale kukutentha. Lolemba loyamba anati manambala a pa ngolo ndi aang'ono. Nyaluhanga anafunsa muyeso wake, nakalembanso ndi rula. Lolemba lachiwiri anati nyali ya kumanzere ikuwala mofooka. Anasintha babu pomwepo iwo akuona, koma anati nthawi yatha. Lolemba lachitatu anati mafomu atha. Lolemba lachinayi a Winston anamupeza Nyaluhanga atakhala kale pakhomo pa ofesi isanatsegulidwe. Anamulowetsa, natseka chitseko, nalankhula motsitsa mawu.

"Mayi, galimoto yanu ilibe vuto. Ngolo ilibe vuto. Ineyo ndili ndi ana asanu. Ndikasaina dzina langa pansi pa dzina la Zgambo, mawa wina adzafunsa kuti ndimadziwana naye bwanji. Lembani dzina la kwanu. Mabel Luhanga. Ndisaina lero lomwe."

Nyaluhanga anawayang'ana ndipo anaona kuti si munthu woipa, ndi munthu wamantha. Zikanakhala zophweka. Dzina la Luhanga ndi limene aliyense ankamuitana nalo. Koma anaganiza za Yona, kulikonse kumene anali, akufufutidwa papepala ndi dzanja la mkazi wake.

"A Zgambo sanamwalire, bwana, ndipo sanandisiye. Lembani Zgambo."

"Mukudzivutitsa."

"Ndazolowera. Ngati pali lamulo loletsa dzina limenelo kukhala pa laisensi, ndiwerengereni ndilembe. Ngati palibe, tiyeni panja mundiyeze."

A Winston anatuluka nkhope itauma. Anaika migolo isanu ndi umodzi m'mizere iwiri, mopanikiza kuposa mmene ankaikira amuna, mwina poganiza kuti akagwetsa umodzi nkhani ithera pomwepo popanda wolakwa. Madalaivala a malole amene ankadikira kuyezetsa anasonkhana. Wina anafuula m'Chitumbuka kuti abweretse mtondo ndi musi, chiwongolero achisiye. Nyaluhanga anakwera, naika pilo kumsana kuti miyendo ifike, nasuzumira pawindo. Analowetsa ngolo pang'onopang'ono, inayamba kupindika, anaima, napita kutsogolo pang'ono, nayambanso. Inadutsa pakati pa migolo, mpata wotsala wosakwana chikhatho. Atazimitsa injini, dalaivala wachikulire wina anaomba m'manja yekha, ena n'kutsatira.

Pamaso pa anthu onsewo a Winston sakanachitira mwina. Anasaina, nadinda, napereka mapepala osamuyang'ana.

Lachiwiri lotsatira ananyamuka yekha kupita ku Lusangazi. Pamigolo anapeza sajeni yemwe uja. Anamuimitsa, ndipo anatha pafupifupi ola. Anakoka matcheni, anagwada kuyang'ana mabuleki, anamuyatsitsa nyali zonse, anawerenga buku la galimoto ndi laisensi kutsogolo ndi kumbuyo. Anafunsa kulemera kwa ngolo, iye anatulutsa kapepala ka pa sikelo. Anafunsa khadi ya chipani, iye anaitulutsa.

"Pali china, bwana? Pensulo ndili nayo."

Sajeni anapukuta maondo a buluku lake.

"Pitani."

Ku Lusangazi anaima pansi pa mtengo umene Yona ankaima. Palibe anabwera. Ankaona amayi akusuzumira m'makonde, madengu ali pafupi, koma aliyense ankadikira kuti ayambe mnzake. Dzuwa litafika pamutu, Nyaluhanga anatsitsa thumba la chimanga chake chimene anabwera nacho, napukusa handulo ya injini ndi manja awiri mpaka inagwira, nayamba kugaya yekha. Phokoso linamveka mudzi wonse. Woyamba kubwera anali mayi wapakati, wotopa, amene anatula dengu nati, "Monire, mama. Ine msana sukundilola kusinja. Akandimanga andimange." Pofika madzulo panali mzere.

Zaka ziwiri zimenezo apolisi anamuimitsa pafupifupi sabata iliyonse, nthawi zina kawiri pa tsiku. Anamuperekezapo ku sikelo katatu. Sanamupezepo ndi mlandu. M'mawa uliwonse asananyamuke ankazungulira galimoto ndi ngolo, kugwira tcheni, kupukuta zonyezimira, kuponda buleki Catherine akuyang'ana nyali kumbuyo asanapite kusukulu. Amayi akamupempha kuti akwere pa ngolo ndi madengu awo, ankakana ngakhale mvula ikugwa. Ena ankati ndi wouma mtima. Iye ankati malo alipo m'galimoto, atatu okha, otsalawo adikire ulendo wina.

Yona anabwera mu 1977, m'nyengo yozizira, atavala malaya a munthu wina. Anatsika basi n'kuyenda wapansi mpaka ku Zolozolo. Nyaluhanga anamupeza atakhala pakhonde pochokera ku Choma, ndipo poyamba anamuyesa mlendo wopempha madzi. Anali ataonda, mano akutsogolo atachoka, manja akunjenjemera osaleka. Analira onse awiri, ana analira, oyandikana nawo amene anasowa zaka ziwiri anayamba kutulukira mmodzimmodzi ndi moni wautali. Nyaluhanga anawayankha onse, koma mpando sanapatse aliyense.

Mawa lake Yona anatuluka panja, naima kutsogolo kwa Landirova.

"Nyaluhanga, Datsun yanga ili kuti?"

"Ili kwa Che Isaka ku Katawa. Ikunyamula mbuzi."

"Munagulitsa galimoto yanga?"

"Ndinasinthitsa, a dada a Catherine. Inali yopepuka."

"Zaka zinayi inakoka ngolo imeneyi!"

"Inkakoka chifukwa ankakusekererani. Ine sanandisekerere."

Yona anazungulira ngolo, nagwada movutikira, nayang'ana ekiselo yatsopano. Anapeza powotcherera pamene sipanamusangalatse, nanena kuti amene anawotcherera apa anali ndi njala. Anakankha chokolera ndi dzanja, naona mabuleki akugwira, nakankhanso. Anakhala pansi pomwepo. Kenako anafunsa kuti anaganiza zimenezi ndani, ndipo atamva kuti anawerenga yekha m'buku la ku ofesi, anapukusa mutu n'kuseka ndi m'kamwa mwake mopanda mano.

Patatha mwezi anafuna kuyendetsa. Nyaluhanga anamupatsa makiyi. Anayendetsa bwino mpaka anaona migolo ndi yunifolomu patsogolo. Pamenepo miyendo yake inauma, injini inazima pakati pa msewu, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunkazizira. Nyaluhanga anatsika, nazungulira, namusuntha pang'onopang'ono, nakhala pa chiwongolero. Wapolisi atafika pawindo anapeza mapepala atatambasulidwa kale.

"Bambowa akudwala?"

"Atopa. Funsani ine, galimoto ndi yanga."

Kuyambira tsiku limenelo Yona ankakhala kumanzere. Injini ya chigayo inabwerera m'manja mwake, ndipo ankaimva ndi khutu isanadwale. Za kumene anali sananenepo, kupatula kuti sankafuna chitseko chotseka akamadya. Ankakangana masiku onse za giya: iye ankati mkazi wake amachedwa kusintha, Nyaluhanga ankati amene akufuna kusintha msanga akagule yake.

M'zaka za m'ma 1980 zigayo zokhazikika zinayamba kumangidwa m'malo amene iwo ankapita, ndipo mizere ya pansi pa mitengo inafupika. Anasiya Lusangazi, kenako Choma. Anamanga kashedi kuseri kwa nyumba, natsitsiramo chigayo, ndipo ngolo inayamba kunyamula matabwa ochokera ku Chikangawa ndi njerwa za anthu omanga ku Katawa ndi ku Kaning'ina. Njerwa ankaziwerenga yekha pokweza. Womanga akati awonjezere mzere umodzi, ankamuuza kuti mzere umenewo aunyamule pamutu.

Yona anamwalira mu 1986, chifuwa chimene anabwera nacho chitamugonjetsa. Abale anagwirizana kuti maliro apite ku Euthini. Bokosi analiika m'Landirova, ndipo pa ngolo anakwezapo nkhuni, ufa, mabenchi ndi ziwiya. M'mawa wonyamuka, Nyaluhanga anatuluka m'nyumba atavala zakuda, duku lili kumutu, makiyi ali m'manja. Timothy, amene tsopano anali ndi imvi, anamutsekera njira mwaulemu.

"Alamu, namfedwa sagwira chiwongolero. Khalani ndi amayi anzanu kumbuyo. Tapeza dalaivala."

"Dalaivala wanuyo anakokapo ngolo pa zitunda za ku Euthini?"

"Ndi wa basi, alamu."

"Giya yachiwiri ya galimoto iyi imadumpha potsika ukapanda kuigwira ndi dzanja. Akudziwa? Mukufuna mukagwetse achimwene anu mumtsinje?"

Akuluakulu a mpingo anayesa kumunyengerera. Azilamu ake aakazi anati kumudzi akaseka. Iye anangotsegula chitseko, naika pilo wake kumsana. Atasuzumira pagalasi anaona amuna asanu ndi mmodzi atakwera pa ngolo, atakhala pamabenchi ndi mabuku a nyimbo. Anatsikanso.

"Tsikani, adada. Ngolo sinyamula anthu."

"Mama, ndi maliro awa. Apolisi saimitsa maliro."

"Sindikunena za apolisi. Tsikani, lole ya mpingo ikubwera."

Anatsika akung'ung'udza. Timothy anakhala kutsogolo, Catherine ndi azakhali ake kumbuyo pafupi ndi bokosi. Ulendo unatenga tsiku lonse chifukwa mvula inali itagwa ndipo msewu unali phala. Lole ya mpingo inatitimira kawiri, ndipo kachiwiriko Nyaluhanga anamasula ngolo, nabwerera, nakoka loleyo ndi tcheni, anthu akuimba nyimbo m'matope. Pa chitsikitsiki chachikulu Timothy anaona dzanja la mlamu wake litakanikiza giya, misozi ikutsika osaipukuta, maso ali pamsewu.

Anakhala ku Euthini mwezi umodzi monga mwa mwambo. Abale atayamba kukamba zoti galimoto ndi ngolo zitsale pamudzi, anawaonetsa buku la galimoto kuti awerenge dzina lolembedwamo, ndipo m'mawa mwake anabwerera ku Mzuzu atanyamula matumba a nyemba a mphunzitsi wina amene ankasamukira ku Ekwendeni. Anayendetsa zaka zina zisanu. Maso atayamba kuchita nkhungu, anasiya yekha wina asanamuuze, ndipo Landirova anaigulitsa kwa mlimi wa khofi wa ku Chikwina, atamuyendetsa kaye kawiri pa bwalo la mpira kuti aone ngati amatha kubwerera m'mbuyo.